Malo Oimikapo Nyumba ya Achimwene

Foni inalira Lachiwiri m'mawa ndili pa makina, ndikuthamangitsana ndi madiresi a ukwati wa anthu ena a ku Biwi. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la nyumba yathu ku Kawale, ndipo Disembala ndi mwezi umene telala sadzuka pampando. Nambala inali yakunja. Anali achimwene anga a Yusufu, amene anapita ku Joni ine ndikadali mtsikana, n'kukwatira komweko, zaka khumi ndi zinayi osaponda kwathu.

Zoti akubwera tinkazidziwa. Anali atanena kale kuti holide imeneyo abwera ndi akazi awo ndi ana awiri pa galimoto imene iwo ankaitchula kuti kalavani, yokhala ndi mabedi, filiji ndi pophikira m'kati momwemo. Uthengawo ndinali nditawatumizira amayi kumudzi kwathu kunyanja, pakati pa Monkey Bay ndi boma la Mangochi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti anthuwo anyamuka kale. Anati akuimba ali pamzere pa Beitbridge, ndipo ngati a m'malire sawagoneka panjira, Lachisanu akhala atalowa m'Malawi.

Anandiuza kuti nditenge cholembera. Ndinatola choko cholembera pansalu n'kuyamba kulemba kuseri kwa kalendala. Ankafuna ndiwapezere kampu ya alendo m'mbali mwa nyanja, malo amene azungu oyenda ndi magalimoto otere amaimika n'kugona. Pakhale polumikiza magetsi, chimbudzi chamadzi, shawa, mthunzi, msewu wosatitimira, ndiponso geti lotalika kupitirira mamita atatu, chifukwa galimotoyo inali yaitali ngati basi.

"Pakhale pafupi ndi kwathu, koma osati kwathu," anatero. "Kwa amayi tizibwera masana, kugona tizikagona kukampuko. Mlamu wako za kumudzi sanazolowere. Amayi usawauze, ndidzawafotokozera ndekha."

Ndimati ndiyankhe, foni n'kuduka.

Achimwene anali atakhalitsa kunja mpaka kuiwala mmene anthu akwathu amaonera zinthu. Munthu akachokera ku Joni ndi galimoto n'kukana kugona pakhomo pa mayi ake, anthu sanena kuti akuthawa udzudzu. Amati chuma chake n'chokhwimira ndipo sing'anga anamuletsa kugona pamene anabadwira, apo ayi akudziwa kuti mayi akewo ndi mfiti. Mwanayo amabwerera ku Joni, koma dzinalo limatsala ndi mayi. Ndili wamng'ono ndinaona mayi wina wa m'mudzi mwathu atapatsidwa dzina limeneli. Akafika pachitsime anzake ankasenza ndowa zosadzaza n'kumapita, ndipo mandasi ake ankagona m'beseni. Amayi athu anali amasiye, okhala okha, ndipo ankadyera usipa umene ankayanika n'kugulitsa kwa anthu a m'mudzi momwemo.

Komabe kukana sindikanatha. Achimwene ndiwo mwini mbumba, amalume a ana anga, ndipo makina amene ndinkadyerawo anachita kunditumizira ndi iwo. Amuna anga a Jafali, amene amawotcherera mageti pamsika, atamva nkhaniyi anayamba aseka kaye, amvekere dziko latha ngati mageti ayamba kuyezedwa ndi atelala. Kenaka anati ndipite ndikaone, zinazo zikaoneka komweko. Ndinaika m'chikwama tepi yanga yoyezera anthu, mkeka woswalira ndi chidutswa cha kalendala chija. Madiresi a ku Biwi ndinamusiyira mnzanga wina wosoka mwachidodo, ndipo ndinanyamuka mtima uli pawiri.

Lachitatu ndinafika pa depoti m'mamawa. Minibasi ya ku Salima inkaoneka yodzaza, oitanira akulumbira kuti patsala munthu mmodzi yekha. Nditangokhala, bambo amene anali pambali panga anatsika. Kenaka anatsika wakumbuyo, kenaka awiri a kutsogolo. Anali anthu aganyu yongokhala m'minibasi kuti izioneka yodzaza, ndipo ine wa ku Kawale, wodziwa chinyengo chimenechi kuyambira kalekale, ndinali nditapusitsidwa ngati wofika dzulo m'tauni. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso pomwepo. Mtengo nawo unali utakwera, akuti chifukwa cha zikondwerero. Tinanyamuka cha m'ma teni, ine nditayang'ana wotchi ya pafoni mpaka batire kuyamba kundiopseza.

Pambali panga panakhala mayi wina wathupi wa ku Area 25, a Nachisale, amene ankapita ku chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo ku Salima, atafungata poto watsopano wokulunga m'nyuzipepala. Tisanafike pa Kanengo anali atadziwa kale dzina langa, ntchito yanga ndi chiwerengero cha ana anga. Nkhani ya achimwene ndinawauza yonse, poti munthu woti musiyana masana ndi wosavuta kumuuza zinthu. Za nyumba yoyenda pa matayala anaseka mpaka poto kugwedera. Nditafika pa za amayi, kuseka kunatha. Anati kwawo ku Dowa n'chimodzimodzi, Mkhristu kaya Msilamu lilime la m'mudzi ndi limodzi.

"Mayi, ine ndikanakhala inu," anatero akundikodola ndi chigongono, "ndikanakapeza malo oipa okhaokha."

Ndinaseka, koma mawuwo anandilowa. Kunamiza achimwene kunali kosavuta, poti iwo anali ku Zimbabwe ndipo maso awo anali ine. Chovuta chinali chakuti akanafika n'kudzionera okha makampu abwino ali mbwee m'mbali mwa msewu, ndipo ndikanatsala wabodza kwa munthu amene ana anga adzamufuna tsiku la ukwati wawo.

Tikutsetsereka mapiri kulowera ku Salima, mpweya wolowa pazenera unayamba kutentha ngati wa simbi ya makala. Apo m'pamene tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anaimika bwino ndithu, koma atatsegula kumbuyo tinapeza kuti tayala lapadera analisiya pa depoti kuti pakwane matumba a kabichi. Kondakitala, bambo wamkulu wandevu zake, anatifotokozera zimenezi modekha ngati akutiuza za mvula. Anakweza tayala lophulikalo pa lole yodutsa n'kupita nalo kukamatitsa, ife n'kutsala pansi pa mtengo wa mango.

Tinakhala pamenepo maola awiri. Amayi a m'mudzi wapafupi anabwera ndi mango m'malichero, ndipo mwini kabichi, amene aliyense ankamuyang'ana ndi diso loipa, anagula lichero lonse n'kutigawira kuti timukhululukire. Nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, itakwana ndinayala mkeka kuseri kwa chitsamba, a Nachisale atandisungira chikwama n'kumathamangitsa mbuzi imene inkafuna kundidutsa kutsogolo. Ndikupinda mkekawo foni inalira, uthenga wa achimwene: adutsa Harare, kodi malo ndawapeza? Ndinayankha kuti ndili m'njira, osanena kuti njira yake ndi pansi pa mtengo.

Pa Salima tinasiyana ndi a Nachisale, iwo akundiuza kuti akandipempherera kutchalitchi kwawo, kaya ndikufuna kaya sindikufuna. Ndinakwera minibasi ina yolowera ku Golomoti. Kumene tinali kunali dzuwa lokhalokha, koma kumapiri a ku Dedza kunali kutada bii. Titadutsa Chipoka tinapeza mzere wa magalimoto. Pamalo ena pamene ankakonza mlatho, msewu wapambali unkadutsa m'kamtsinje, ndipo kamtsinjeko kanali katadzaza ndi mvula imene ife sitinaione n'komwe.

Madalaivala anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti azionera ngati akuphwera, ndipo anthu onse, mwina zana, tinangoima n'kumayang'ana kamtengoko. Wina amati atsika, wina amati akwera, ena awiri anatsala pang'ono kumenyana pa nkhani yomweyo. Amuna a m'deralo ankawolotsa anthu pamsana, ndipo mmodzi anandilonjeza kuti sandigwetsa, poti ananyamulapo onenepa kuposa ine. Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti msana wa mwamuna wachilendo sindikwera. Tsidya linalo kunaima lole ya nsomba imene ayezi wake anali atasungunuka, mphepo n'kumatibweretsera fungo lake lonse. Ine ndinkangoyendayenda, kuchoka pa kamtengo kupita pa minibasi, kubwereranso. Tsiku limodzi mwa awiri anga linali kutha ndisanaone kampu ngakhale imodzi.

Madzi ataphwera tinawoloka, injini ikutsokomola. Pa Golomoti ndinakwera matola, kapikiapu kamene kanali katadzaza kale ndisanafike. Ndinakhala pa thumba la simenti, miyendo yanga ili pansi pa njinga ya munthu, ndipo mayi wina anandipatsa khanda lake kuti ndimugwirire pang'ono, pang'ono pakepo n'kukhala mpaka Monkey Bay. Ndinagona kwa msuweni wanga Asiyatu. Atandifunsa chimene ndadzera ndinati ndikufuna nsomba za ukwati wa mnzanga, bodza loyamba la ulendowo.

Lachinayi m'mawa ndinapangana ndi bambo wina wakabaza, wachikulire ndithu, amene anati makampu onse a m'mbali mwa nyanja amawadziwa ngati zipinda za m'nyumba mwake. Ndinakhala chammbali pa kaliyala, chikwama pamiyendo. Kutentha kwa kwathu ndinali nditakuiwala. Nthawi isanakwane eyiti, mpango wanga unali utanyowa kale, ndipo mchenga wa m'njira unkatikakamiza kutsika n'kumakankha njinga.

Pa kampu yoyamba mlonda anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi, n'kunena kuti ntchito yochapa kulibe. Ndinamuuza kuti sindikufuna ntchito, ndikufuna malo oimikapo galimoto. Anayang'ana njinga ya kabaza ija n'kufunsa ngati galimoto yake ndi imeneyo. Ndinapsa mtima, ndipo mtima ukandipsa ndimachita zinthu mwadongosolo. Ndinamupempha mpando wake, ndinakwerapo, n'kutulutsa tepi. Tepi ya telala imathera pa mita ndi theka, choncho ndinayeza kawiri, wakabaza atandigwirira chala pamene yathera. Pamwamba pa getilo panali denga la udzu lokongola kwambiri, koma mamita atatu sanakwane. Ndinatsika pampando n'kuuza mlondayo kuti geti lawo ndi lalifupi, ndipo anandipepesa ngati analimanga ndi iye.

Kampu yachiwiri inalibe geti loti n'kuyeza, koma njira yake inali mchenga wokhawokha, ndipo tinapeza chilole cha azungu chitatitimira mpaka theka la matayala, anthu akuyala matabwa pansi pake. Eni chilolecho, anyamata ndi atsikana ofiira ndi dzuwa, anali pabala m'mawa womwewo, atavala tinsalu toti ine sindingavomere n'komwe kulipiritsa kusoka kwake. Pafupi ndi madzi ankawotcha nyama, ndipo nditafunsa anandiuza kuti ndi ya nkhumba. Magetsi anali a jenereta imene ankaizimitsa akafuna. Apa sindinafunike malangizo a a Nachisale, malowo anali oipa okha. Ndinatuluka ndikusangalala, ndipo ndinadzigwira ndikupempha Mulungu kuti yachitatu nayonso ikhale yotero.

Sinakhale yotero. Tinayenda mtunda wautali kulowera chakwathu, mpaka mapiri amene ndinkawaona ndili mwana anayamba kuoneka mbali yake yomwe ndimaidziwa. Njira yolowera pa kampuyo inali yothira miyala, geti lake lotseguka pamwamba. M'kati munali mitengo ikuluikulu, ndipo pansi pa mtengo uliwonse panali chipilala chachifupi chokhala ndi soketi ndi mpopi. Zimbudzi zinali zoyera kuposa khitchini yanga. Chakunyanja kunali matenti akuluakulu omangidwa pa nsanja za matabwa, a alendo obwera opanda galimoto ya nyumba.

Kwa ine tenti chinali chinthu cha pamaliro kapena cha anthu okokoloredwa ndi madzi. Mtsikana wosesa atanditsegulira imodzi, ndinapeza bedi lalikulu la nsalu zoyera, neti yoyera, kabati, galasi, ndi shawa yakeyake kumbuyo. Ndinayamba ndayang'ana msoko wa tentiyo, poti ndiyo ntchito yanga, ndipo unali wowongoka moti ndinachita nsanje. Kenaka ndinakhala pabedipo. Mphepo ya kunyanja inkalowa mbali zonse. Ndinaganiza za mlamu wanga amene sindinamuonepo, mkazi wa m'tauni ya eni, atafika pa chimbudzi chokumba cha amayi ndi kutentha kumeneku, ndipo ndinamumvetsa. Zimenezi zinandipweteka kuposa zonse za pa ulendowo, chifukwa ndinkafuna kumuda.

Ndinapita ku ofesi kuti ndikafunse ngati Lachisanu malo alipo. Woyang'anira anali bambo wamtali wovala malaya a yunifolomu, ndipo ankalemba zina m'buku. Atadzutsa mutu anasiya cholembera.

"Si inu a Patuma, mwana wa Abiti Mussa?"

Abiti Mussa ndi dzina limene anthu amawaitanira amayi kumudzi. Bamboyo anali a Saidi, amene nyumba ya mayi awo inayang'anizana ndi mzikiti wa kwathu, ndipo tinaphunzira limodzi ku madarasa. Ine ndinkadziona ngati mlendo wochokera ku Lilongwe, woti angayendeyende m'makampu osadziwika, kuiwala kuti ophika, osesa ndi alonda a malo onsewa amachokera m'midzi yathu yomweyo ndipo madzulo amabwerera kwawo ndi nkhani. Kuchokera pakampupo kukafika pakhomo pa amayi sipankatha ola limodzi pa njinga.

A Saidi anandilandira mwansangala, n'kunena kuti mudzi wonse ukudikira a Yusufu. Kenaka anafunsa chimene ndikufuna. Ndinayamba kufotokoza za mamita atatu ndi soketi, ndipo ndikulankhula choncho nkhope yawo inasintha. Anatseka buku lija. Anati malo alipo, ndipo ngati ndikufuna alemba dzina, ndi ntchito yawo. Koma anandipempha kuti ndisanalembetse ndikafike kaye kwathu, ndikaone zimene amayi akhala akuchita sabata yonseyo. Ndinawafunsa kuti akuchita chiyani, iwo anangoti ndikaone ndekha.

Wakabaza anapalasa kulowera kwathu osandifunsa njira, ndipo ndinazindikira kuti nayenso ankadziwa kuti ndine yani kuyambira m'mawa. Titapatuka pa msewu waukulu, ngalande imene inkadula njira ya kwathu kuyambira ndili mwana inali itakwiriridwa ndi miyala ndi dothi. Nthambi za mitengo ya m'mbali zinali zitasadzidwa. Pakhomo ndinapasokoneza. Mpanda waudzu wakutsogolo kunalibe. Thandala loyanikapo usipa linali litasunthidwira kuseri. Ndipo pamene panali khitchini ya amayi, imene malemu bambo anaimanga ndi njerwa zowotcha okha, panali bwalo losalaza bwino, lothiridwa madzi, njerwazo zitaunjikidwa pambali. Mafuwa anali pansi pa kachisakasa ka mapepala apulasitiki, mvula itayamba kale.

Amayi anali pakhonde ndi amayi ena awiri a kumzikiti, akupeta mpunga. Tinapatsana salamu, anafunsa za ana ndi za a Jafali, anandipatsa madzi. Alendowo anandiuza monyadira kuti miyala ya pangalande ija anasenza ndi amayi onse a m'mudzi, masiku atatu, kuti nyumba ya a Yusufu idutse bwino. Ndinamwa madziwo. Mudzi wonse unali utagwira ntchito yokonzera galimoto imene mwini wake ankafuna kukaiimika kwa azungu.

Alendo atatsanzika, amayi anapitiriza kupeta kwa kanthawi osandiyang'ana.

"Ndamva kuti ukuyeza mageti a azungu ndi tepi," anatero.

Ndinayamba kulira, munthu wa ana atatu. Ndinawauza zonse, za foni, za kalendala, za mawu oti ndisawauze. Ndinkadikira kuti akwiye kapena alire nawo, koma anangotola kamwala mumpunga n'kukataya. Anati palibe chatsopano chimene ndawauza. Tsiku lomwe analandira uthenga wanga woti galimotoyo ili ndi mabedi m'kati, anadziwa kuti mwana wawo mphasa yawo sakuifuna, ndipo anagona masiku awiri osadya bwino. Tsiku lachitatu anaitana anthu kuti agwetse khitchini, poti ndiyo inatsekereza malo.

"M'nyumba mwanga sindimukakamiza kulowa," anatero. "Mkazi wakeyo aziphika zake, azigona pabedi pake. Koma m'mawa akamatsegula chitseko, azitsikira pabwalo langa, anthu aziona."

Netiweki kwathu inkagwira pachulu cha kuseri kwa mzikiti pokha. Tinapita kumeneko dzuwa likadali pamutu, amayi atavala chitenje chawo cha Lachisanu ngati kuti achimwene awaona. Ndinakwera pachulupo n'kuflasha achimwene, kenaka tinadikira. Anthu opita kuchitsime ankachepetsa liwiro akafika pamenepo. Batire inali itatsala kamzere kamodzi, ndipo ndinkaopa kuti izima asanaimbe, mwinanso ndinkafuna kuti izime. Inalira patapita nthawi yaitali. Achimwene anali atawoloka mlatho wa ku Tete, atatopa, ana akulira kumbuyo. Sanapereke n'komwe moni, anangofunsa ngati malo ndawapeza.

Ndinawauza zoona. Ndinati kampu yabwino ilipo, ili ndi zonse zimene ananena, ndipo akafuna angakalembetse okha akafika, koma ine dzina lawo sindilembetsako. Ndinawauza za ngalande, za mpanda ndi za khitchini ya bambo. Chibadwire ndinali ndisanawakanirepo kanthu achimwene. Anayamba kukweza mawu, akuti ndawasokonezera mapulani, kodi magetsi a filiji akawatenga kuti, kodi mlamu wanga akamuuza chiyani. Amayi anatambasula dzanja. Ndinawathandiza kukwera pachulu n'kuwaikira foni kukhutu.

"Yusufu, ndine mayi ako," anatero. "Pakhomo ndakuza, galimoto yako ikwana. Mawa ndikaima pamsewu waukulu kuyambira m'mawa. Njira yasintha, ndipo sindikufuna ufunse munthu kuti kwa mayi ako n'kuti."

Ndinali pafupi moti ndinkamva. Munkamveka injini ndi mwana akulira. Kenaka achimwene analankhula ndi mawu amene sindinawamvepo pa foni zaka zonsezo, mawu a kwathu, opanda chizungu.

"Ndamva, amama."

Lachisanu amayi anakaimadi pamsewu kuyambira m'mawa, ine nditawagwirira ambulera, ndipo galimotoyo inafika dzuwa litapendeka. Inadutsa pangalande paja ikupendama, anthu atagwira mitima, n'kukaima ndendende pamene panali khitchini. Inakhala pamenepo masiku asanu ndi limodzi. Filiji inasiya kugwira ntchito tsiku lachiwiri, mlamu wanga anadandaula kutentha tsiku lililonse, ndipo achimwene anakhala masiku awiri akundilankhula mwa apo ndi apo. Kukampu ya a Saidi ankapita masana kukasamba shawa ndi kutchaja mafoni, koma dzuwa lisanalowe ankabwerera.

Amayi sanalowemo m'galimotomo ngakhale kamodzi, ngakhale adzukulu ankawakoka dzanja. Chimene ankachita n'kudzuka m'mamawa ndi tsache, nthawi imene azimayi amadutsa kupita kuchitsime, n'kumasesa mozungulira matayala ake. Bwalolo ndi laling'ono, koma ankalisesa pang'onopang'ono, akuyankha moni wa aliyense motsitsa mawu, n'kumawauza kuti asasokose poti mwana wawo sanadzuke.